Mutu 6: Azakhali Aphika Nkhono za Sauda

1. Mabotolo atatu

Kwathu kuno ku Kigoma mtsikana akayamba kutola nkhono m'nyanja, anthu sachedwa kunong'onezana. Ena amati mutu wake wasokonekera, ena amati watumidwa ndi sing'anga. Sauda Kashindi anazimva zonsezi, koma kutola sanasiye.

Sauda anali wa Fomu 3, wamtali, ndiponso waliuma ngati mbuzi yokana khola. Ankakhala ndi azakhali ake, a Mwamvua, amene anamulera chimwalirireni mayi ake. Chaka chimenecho iye ndi mnzake Yusta analowa mpikisano wa sayansi wa pasukulu pawo. Gulu limodzi lokha ndilo linkayenera kukaimira sukuluyo ku Dodoma, ulendo wa pasitima ya pamtunda. Sauda anali asanakwerepo sitima chibadwire, ndipo ulendo umenewo ankaufuna kuposa china chilichonse.

Nzeru ya nkhonoyi anawapatsa ndi a Kayanda, aphunzitsi a Bayoloje. Tsiku lina analowa m'kalasi ndi nkhono m'manja, naikweza m'mwamba kuti aliyense aione.

"Ndere yoterera ili pachigoba apayi inu mumati ndi litsiro," anatero. "Si litsiro ayi, ndi mudzi wathunthu. M'menemu muli tizomera tosaoneka ndi maso totchedwa madayatomu, ndipo kalikonse kali ndi kanyumba kake konga galasi. Nkhono imayenda nato kumsana ngati mayi wobereka mwana. Koma tizomerati timasankha madzi. Kumene madzi ndi oyera ndipo mafunde amamenya miyala, mumapeza tophwatalala, tokakamira pachigoba ngati nkhupakupa pakhutu la galu. Kumene kuli matope mumapeza tonga timabwato, totha kukwawa kuti tituluke m'matopemo tikaone dzuwa. Kumene anthu amachapira ndi kutayako matumbo a nsomba, timachulukana mpaka chigoba kuda bii. Mukafuna kudziwa za madzi, funsani chigoba cha nkhono."

Atsikana awiriwo atasankha ntchito imeneyi, a Kayanda anawachenjeza.

"Malo akhale atatu, osachepera. Nkhono zikhale za mtundu umodzi, zija zosongoka. Malo aliwonse akhale ndi botolo lake ndi madzi ake. Musasakanize, musatsuke, musafulumire. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha."

Botolo loyamba silinavute, poti nkhono zake anatola padoko la m'mudzi mwawo momwemo. Lachiwiri anakadzaza kumathiriro a mtsinje wa Luiche, kumene matope amafika m'mawondo. Lomaliza ndilo linawatulutsa thukuta. Ku Kamabuye madzi ndi oyera, koma kumtunda kwake ndi phompho lopanda potsikira, ndipo kumafikika pabwato basi. Anachita kuwagwira mwendo a Bilali, msodzi woyandikana naye nyumba. Atafika kumeneko Yusta anatsala m'bwato atagwira botolo. Sauda ndiye ankamira, n'kumatuluka ndi nkhono m'manja, mawondo atanyuka ndi miyala.

Maikulosikopu ya pasukulupo inafa kalekale. Choncho a Kayanda anapempha a Dokotala Nyamizi, mayi wofufuza za m'nyanja, kuti abwere ndi yawo Lachinayi m'mawa, adzaweruzenso mpikisanowo.

Podikira tsikulo, Sauda anaika mabotolo ake kuseri kwa mtsuko wa madzi, pozizira, zivindikiro atazimasula pang'ono kuti nkhono zizipuma. Azakhali ake sanawauze. Ankadziwa kuti a Mwamvua ndi nkhono samwerana madzi.

2. Zigoba zoyera mbee

Lachitatu masana Sauda pochokera kusukulu anapeza azakhali ake akutembenuza dagaa, tinsomba tonga usipa, pathandala. Pambali pa dagaayo panali lichero. M'licheromo munali zigoba za nkhono, zoyera mbee, zonyezimira padzuwa, zonse pamodzi. Mabotolo atatu aja anali atatsukidwa ndi kuzondotsedwa pamitengo ya mpanda.

Chikwama cha mabuku chinagwa pansi chokha.

"Azakhali! Nkhono zanga!"

"Si izo m'licheromo? Yamba kaye wapereka moni, mwana wopanda mwambo iwe."

"Shikamoo, azakhali. Mwazitani nkhono zanga?"

"Marahaba. Ndaziwiritsa, ndachotsa za m'kati ndi munga, ndazikwecha ndi phulusa imodziimodzi. Msana wangawu wathyoka chifukwa cha iwe. Taona mmene zayerera, ngati mano a mkwatibwi."

"Zonse mumphika umodzi?"

"Nanga nkhuni zophikira miphika itatu ndikanazitenga kuti? Nkhono ndi nkhono."

Sauda anakhala pansi padothi nayamba kulira mokweza, kulira kwa ukali.

"Mwandipha, azakhali! Mwandipha ine! Chimene ndimafuna ndi ndere mwakwechayo! Anakutumani ndani kugwira zinthu zanga?"

A Mwamvua anasiya dagaa namanga chitenje chawo cha kanga bwinobwino m'chiuno. Akamanga kanga chotero, ife oyandikana nawo tinkadziwa kuti kukubwera mawu.

"Wandifunsa kuti anandituma ndani? Tamvera tsono. Anandituma ndi Selemani, mwana wanga woyamba, amene iwe sunamuone. Selemani ankasewera m'madzi a m'mabango kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Atayamba kukodza magazi, amuna a padoko anaseka, amvekere mwanayu wakula, wasanduka mwamuna. Pamene tinkapita naye kuchipatala, mimba inali itatupa ngati ng'oma. Anamwino anandiuza kuti ndi likodzo, ndipo likodzo limabisala m'nkhono. Mwana ameneyo ndinamusambitsa komaliza ndi manja angawa. Lero ndikusesa m'nyumba, ndapeza nkhono zamoyo zikukwawa m'mabotolo, pafupi ndi mtsuko umene tonse timamwamo. Umafuna nditani? Ndiziimbire nyimbo? Mchimwene wanga, bambo ako, anandisiyira iwe wamoyo, ndipo ndidzakubweza wamoyo. Chinanso, ndinamva kwa amake a Yusta kuti mawa kusukulu kukubwera dokotala wamkulu. Iwe ukamupatse zinthu zonunkha, zobiriwira ndi ndere, kuti anene kuti mtsikanayu kwawo kulibe munthu wamkazi? Pakhomo panga sipatuluka chinthu chakuda kupita pamaso pa alendo. Ukanandiuza, tikanakambirana. Koma iwe unabisa ngati wakuba."

Sauda anapukuta misozi, nafotokoza mosisima za madayatomu, za malo atatu, za Dodoma. A Mwamvua anamvetsera akuyang'ana lichero lija. Nkhope yawo inagwa pang'onopang'ono.

"Ndiye ukuti litsiro lija ndilo linali mayeso ako?"

"Inde, azakhali."

"Mayo ine." Anakhala pachigubu cha mafuta ophikira a mawese, napuma kawiri. "Ngati ndi choncho, ndalakwa. Koma madzi akatayika saoleka, mwana wanga. Padoko ndi pafupi, ku Luiche minibasi ya daladala ikufika. Katolenso. Mabotolo ako akakhale kunja, kukhitchini, ndipo sindiwagwira. Za ku Kamabuye ukawauze aphunzitsi zoona, kuti azakhali anga anaphika. Akafuna munthu womukalipira, ndilipo ine, makutu anga anazolowera. Koma usakawonjezerepo kanthu. Bodza lilibe mwendo. Ukalibereka, uzilibereka wekha mpaka msana uwawe, ndipo tsiku lina lidzakugwetsa pagulu. Pita ndi mabotolo awiri ndi nkhope yoyera."

Sauda anazula mabotolo ake pampanda. Anali atakwiya ndi azakhali ake, atakwiya ndi nkhono, atakwiyanso ndi iye mwini.

3. Kusi wadzuka

Anathamangira kudoko. Anapeza a Bilali atakhala pamthunzi wa bwato lawo, akusoka ukonde.

"Shikamoo, bambo. Chonde munditengenso ku Kamabuye. Lero lomwe."

A Bilali sanadzutse mutu msanga. Atamaliza mfundo imene ankamanga, analoza nyanja ndi singano yawo. Mafunde anali atavala zipewa zoyera mpaka kutali.

"Marahaba. Kodi maso uli nawo, mtsikana iwe? Kusi wadzuka. Mphepo imeneyi ikayamba kuomba kuchokera kummwera, ngakhale ife amene tinabadwira m'bwato timasoka maukonde. Ku Kamabuye mafunde akumenya miyala n'kubwerera, ndipo kabwato ngati kangaka amakaswa ngati dzira. Ndaona amuna amphamvu kuposa ine akupita kumeneko nthawi ya kusi chifukwa cha nsomba za migebuka, ndipo tinawatola patapita masiku. Awo ankafuna nsomba yodyetsa ana. Iwe ukufuna ndikafere nkhono? Ndikawauza chiyani a Mwamvua? Nyanja si mnzako woti ungamunyengerere. Dikira, ikagona ndidzakutenga."

"Ikagona liti? Mpikisano ndi mawa!"

"Ndiye mpikisanowo ukambirane ndi mphepo, osati ndi ine."

Chapafupi panali Shomari, mnyamata wa Fomu 4, akutola dagaa woti akaonetsere ntchito ya gulu lake. Iwo anapanga kabokosi koumitsira dagaa ndi dzuwa, ndipo ankayenda ngati Dodoma afikako kale.

"Ee, a Mayi Nkhono!" anafuula. "Tamva kuti kwanu lero ndiwo ndi za sayansi! Msuzi wake unakoma?"

Anyamata a padoko anaseka mpaka kugwira m'mimba. Nkhani kwathu kuno imathamanga kuposa njinga yamoto. Sauda anatola nkhono za padoko mano ali gwa, osayang'ana munthu.

Ali mkati motola, Yusta anafika akupuma mwawefuwefu. Anali wamfupi, wapakamwa pothwa, ndipo nkhaniyo anali ataimva kale kumsika.

"Iwe, n'zoona? Aphikadi?"

"Aphika."

"Asa! Ndiye Dodoma tikamuonera pamapu basi. Tiye ku Luiche dzuwa lisanapendeke, zina tikambirana m'njira."

4. Botolo lachitatu

Kumathiriro a Luiche nkhono zinali mbwee. Atsikanawo anavala majombo a mphira amene a Kayanda anawabwereka, nalowa m'matope. Posakhalitsa botolo lachiwiri linadzaza. Lachitatu linali gone pamchenga, lopanda kanthu.

Yusta analiyang'ana, nayang'ana mnzake.

"Mwali, aphunzitsi anati malo atatu, osachepera. Tikapita ndi awiri, Shomari watidya osatafuna."

"Azakhali akuti ndikanene zoona."

"Azakhali ako ndiwo akupita ku Dodoma? Aphika nkhono, tsopano akufuna aphikenso ulendo wathu? Tamvera. Nkhonozi ndi mtundu womwewo. Tisankhe zooneka bwino, tizitsukuluze pang'ono kuti matope a pamwamba achoke, tithire madzi oyera. Ndani angadziwe? Nkhono imayankhula?"

"Aphunzitsi anati tizomerato timasiyana."

"Aa, tinthu tosaoneka ndi maso! Dokotalayo ali ndi magulu angati oti awaone? Angosuzumira kamodzi n'kupita. Komanso ku Kamabuye tinapitadi. Mawondo akowo ndi mboni. Sikuti tikuba, tikungobweza zimene zinali zathu."

Sauda anayang'ana mawondo ake. Zilonda zinali zisanapole. Anamva kuti dziko lamuchitira nkhanza, ndipo munthu akamva choncho, choipa chimayamba kuoneka ngati malipiro.

Anawerama nasankha nkhono. Anapita nazo kumene madzi anali oyererako, nazitsukuluza mosamala, naziika m'botolo lachitatu. Yusta anatulutsa kapepala ndi cholembera m'thumba.

"Lemba ndiwe. Dzanja lako ndi lokongola."

"Nzeru ndi yako, bwanji osalemba wekha?"

"Ine zolemba zanga ndi za nkhuku, ukudziwa. Lemba msanga, daladala itisiya."

Sauda analemba kuti Kamabuye, namata kapepalako pabotolo. Anagwirizana kuti botolo limenelo likagone kwa Yusta, kuti a Mwamvua asalione.

M'mawa mwake a Mwamvua anamuperekeza mpaka pampanda, atamukulungira chinangwa chokazinga m'pepala. Anaona mabotolo awiri m'manja mwake, nagwedeza mutu mokhutira.

"Ukanena zoona, eti?"

"Inde, azakhali," anayankha Sauda akuyang'ana kumsewu.

5. Pansi pa maikulosikopu

A Dokotala Nyamizi anafika pagalimoto yoyera yokhala ndi matope m'mbali. Anali mayi wonenepa, wa mawu otsika, magalasi atapachika pachingwe m'khosi. Anazungulira magulu onse. Kabokosi ka Shomari anakayamikira, nalawako dagaa wake. Kenako anafika patebulo la Sauda ndi Yusta, pamene panali mabotolo atatu.

Anatenga nkhono ya padoko, naikwecha ndi kamswachi m'kambale. Anadontheza dontho limodzi pakagalasi, naika pansi pa maikulosikopu.

"Bwera uone, mwana wanga."

Sauda anaika diso. Kwa kanthawi anaiwala zonse. M'dontho limodzi lija munali khamu la tinthu tagolide, tina ngati singano, tina ngati zipeso, tina tomera pamapesi, tothithikana ngati anthu pamsika wa Mwanga. Anasangalala mpaka kuseka yekha.

"Awa ndi madzi okhuta," anatero dokotalayo. "Sopo, matumbo a nsomba, zonse zimathera momwemo. Tione za ku Luiche."

M'dontho lachiwiri munali timabwato. Tina tinkayenda ndithu, pang'onopang'ono, n'kubwerera m'mbuyo. A Kayanda anasuzumiranso, namwetulira ngati ndi iwo anatilenga.

"Tsopano za ku Kamabuye. Kumeneko ndimakudziwa bwino. Muona tophwatalala tokhatokha," anatero dokotalayo.

Anakwecha, nadontheza, naika diso. Anapukuta magalasi awo, nayang'ananso. Anatenga nkhono ina m'botolo lomwelo, ndi kagalasi katsopano. Anatenganso ina. Yusta anayamba kukonza nsalu ya patebulo imene inali yokonzeka kale.

"Izi ndi za ku Kamabuye ndithu?"

"Inde, Madamu," anatero Sauda.

"Unatola wekha?"

"Ndekha, Madamu."

"Anapitadi, a Dokotala," a Kayanda anaikira umboni. "Taonani mawondo akewo. Mtsikana ameneyu sanandinamizepo."

A Dokotala Nyamizi anavula magalasi. Nkhope yawo inali yodandaula, osati yokayika.

"Ana inu, mverani bwino, chifukwa izi si za mpikisano chabe. Pazigoba izi pali timabwato tokhatokha, tizomera ta m'matope. Ku Kamabuye sitiyenera kupezeka chonchi. Ine ndinamirako kumeneko ndili mtsikana, ndipo pansi pa nyanja pankaoneka ngati pansi pa beseni. M'miyala imeneyo ndimo nsomba zambiri zimaswera. Ngati tizomerati tasintha chotere, ndiye kuti matope ayamba kukhazikika pamiyala, ngakhale maso athu sanayambe kuwaona. Matope akakuta miyala, ndere imene nsomba zimadya imafa, mazira amakwiririka, ndipo msodzi amabwera chimanjamanja osadziwa chifukwa chake. Matope sagwa kumwamba. Amatsika ndi mvula kuchokera m'minda ya pamtunda. Kodi pamwamba pa phompho lija pali minda?"

"Ilipo," anayankha mwana wina. "Amayi a m'mudzi mwathu amalimapo chinangwa."

"Ndiye ndiyenera kudziwitsa anzanga ndi a ofesi ya za nsomba. Mwina kulima pamenepo kuyenera kuimitsidwa. Atsikana inu mwaona chimene ife akuluakulu sitinachione."

Sauda anayang'ana chikwama chake. Umodzi mwa minda imeneyo unali wa azakhali ake, ndipo chinangwa chimene chinali m'chikwama mwake chinachokera momwemo.

Pamzere wa masana a Kayanda analengeza kuti ku Dodoma kupita Sauda Kashindi ndi Yusta Ntahondi. Atsikana anaimba nthungululu. Yusta anadumphadumpha, namukumbatira mnzake. Shomari anabwera mutu uli pansi, namugwira chanza.

"Mwatipambana, a Mayi Nkhono. Ndabweza mawu anga onse."

Sauda anali atapeza chimene ankafuna, koma sanakondwe ngakhale pang'ono. Akuluakulu sananame, walira mvula walira matope.

6. Galimoto yoyera pakhomo

Ana akubalalika, a Dokotala Nyamizi anawaitana awiriwo.

"Loweruka tipita ku Kamabuye. Boti lathu ndi la injini yaikulu, kusi silimuopa. Sauda, ukandisonyeza miyala yeniyeni imene unamirapo. Koma sindingatenge mwana wa eni osapempha. Kwerani, tikaonane ndi makolo anu."

"Kwathu kulibe anthu, Madamu," Yusta anayankha msangamsanga. "Onse apita kumaliro ku Ujiji." Asanafunsidwe zambiri, anali atakhota kale kuseri kwa kalasi.

Sauda anakwera yekha. Aka kanali koyamba kukhala kutsogolo kwa galimoto, koma sanaone chilichonse cha m'njira. Atadutsa pamsika, analimba mtima.

"Madamu, pali chimene..."

Foni ya dokotalayo inalira. Anaimitsa galimoto pambali, namukwezera dzanja kuti adikire.

"Eya, ndine. Konzani boti Loweruka. Inde, ku Kamabuye. Ndaziona ndi maso anga, zigoba zitatu, zonse chimodzimodzi. Auzeninso a ofesi ya za nsomba atumize munthu." Atatseka foni anatembenuka. "Umati chiyani, mwana wanga?"

Sauda analoza kutsogolo.

"Ndimati nyumba yathu ndi iyo ya mpanda wa mabango."

A Mwamvua anali pathandala. Ataona galimoto ikuima pakhomo pawo, anapukuta manja pakanga, nathamangira m'nyumba kukatenga mkeka watsopano, uja wa alendo. Anauyala pansi pa mtengo wa mango. Anapatsana moni, nafunsana za kunyumba ndi za ana, monga mwa mwambo. Sauda anaima chapatali atagwira mabotolo.

"Mayi, ndabwera ndi nkhani yabwino," anatero a Dokotala Nyamizi. "Mwana wanuyu wapambana. Akupita ku Dodoma."

A Mwamvua anaimba nthungululu mpaka nkhuku zinabalalika. Anadzuka namugwira Sauda m'masaya ndi manja onunkha dagaa, misozi ili m'maso.

"Wapambana ndi mabotolo awiri okha! Waona, mwana wanga? Waona?"

"Azakhali..." Sauda ananong'ona.

Koma a Mwamvua anali atabwerera kale pamkeka. Anagwada pamaso pa mlendoyo, naika dzanja pachifuwa.

"A Dokotala, Mulungu akudalitseni pomumvera chisoni mwanayu. Iye sanalakwe kanthu, wolakwa ndine. Nkhono za ku Kamabuye zija ndinaphika ndine dzulo, zonse, osasiyako ndi imodzi yomwe. Zigoba zake ndi izo zili m'licheromo. Anathamangira kwa a Bilali kuti akatolenso, koma nyanja inakana. Ndinamuuza kuti pita ukanene zoona, anthu ophunzira amamva."

A Dokotala Nyamizi anayang'ana lichero lija nthawi yaitali. Kenako anavala magalasi awo, natembenukira kwa Sauda. Sanakweze mawu.

"Sauda, bwera ukhale apa pamkeka, pafupi ndi azakhali ako. Tiuze tonse awiri. Nkhono zili m'botolo lachitatulo unazitola kuti?"